Kuwola kwa mizu ya mano mwa bambo wa zaka 61 wodwala matenda a shuga: lipoti la nkhani

Bambo amene lipotili likuwanena ndi mlonda wa usiku pa sitolo ina m'tauni. Anabwera ku chipinda chathu cha mano akudandaula kuti dzino lotafunira la m'munsi kumanzere likuwapweteka akamaluma chakudya, ndiponso kuti mano ena angapo amawabaya akamwa madzi ozizira. Ndalemba nkhani yawo chifukwa kuwola kwa mizu ya mano tikukuona kawirikawiri tsopano pamene anthu ambiri akukalamba ali ndi mano awo, ndipo chithandizo chimene odwala otere amalandira nthawi zambiri chimalunjika pa kupha tizilombo, osafufuza chimene chikuchititsa kuti tizilomboto tichuluke.

Mbiri ya wodwala

Bambowa anapezeka ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndipo ankamwa metformin ndi glibenclamide. Ankamwanso hydrochlorothiazide wa kuthamanga kwa magazi. Pafupifupi zaka ziwiri asanabwere kwa ife anayamba kumva kutentha m'mapazi, ndipo anapatsidwa amitriptyline, amene pofika nthawiyi ankamwa 50 mg tsiku lililonse, m'mawa akaweruka kuntchito. Fodya anasiya kalekale. Mano ankatsuka kamodzi patsiku ndi mswachi wolimba, mokwecha chopingasa, ndipo mankhwala otsukira mano akatha ankagwiritsa ntchito makala osinja. Buku lawo la kuchipatala linkaonetsa kuti m'chaka chimenecho anali atalandira maantibayotiki a amoxicillin ndi metronidazole kangapo chifukwa cha dzino lomwelo. Ululu unkachepa kwa masabata ochepa kenako n'kubwereranso.

Chinthu chimodzi m'mbiriyi chinatipangitsa kuganiza mozama. Mpaka zaka pafupifupi 59 bambowa sanavutikepo ndi mano obooka, ndipo mano awiri okha amene anali atachotsedwa anachoka chifukwa chogwedera. Munthu amene wakhala zaka zonsezi ndi mano abwino, kenako m'zaka ziwiri zokha mizu n'kuyamba kuwola paliponse, ndiye kuti pali chimene chasintha m'kamwa mwake, ndipo ntchito yathu inali kuchipeza.

Zimene tinapeza

Kagalasi koyezera kanamamatira ku tsaya la m'kati titangokalowetsa, ndipo pansi pa lilime panalibe malovu odikha monga timayembekezera, koma tithovu tochepa tonanda. Lilime linali lofiira, long'ambikang'ambika, ndipo m'kati mwa masaya munali timawanga toyera tochoka tikatipukuta. Tinawapempha kuti alavulire m'kapu kwa mphindi zisanu osatafuna kanthu, ndipo titayeza ndi sirinji tinapeza 0.4 ml, kutanthauza 0.08 ml pa mphindi. Munthu wabwinobwino amatulutsa pakati pa 0.3 ndi 0.4 ml pa mphindi, ndipo mlingo wosafika 0.1 ml umasonyeza kuti malovu achepa kwenikweni. Shuga wa m'magazi tsikulo anali 268 mg/dL.

Nkhama zinali zitatsika ndi mamilimita atatu mpaka asanu pa mano ambiri a m'munsi, mizu ili pamtunda. Mbali ya pamwamba ya mano, yokutidwa ndi enamel, inali yabwino pafupifupi paliponse, koma pa mizu tinapeza malo asanu ndi anayi owola. Asanu ndi limodzi anali m'munsi kumanzere, pa mano 33, 34, 35, 36 ndi 37 (nambala yoyamba imasonyeza mbali ya m'kamwa, yachiwiri malo a dzino kuwerengera kuchokera kutsogolo), dzino 34 lili ndi malo awiri, ena kumbali ya tsaya ndipo ena pakati pa dzinoli ndi dzino 35. Atatu otsalawo anali kumanja, pa mano 43, 44 ndi 46. Malo onsewa anali achikasu chotuwira, osanyezimira, okutidwa ndi plaque (zomata za mabakiteriya) yokhuthala m'mphepete mwa nkhama, ndipo ankabonyoka tikawakhudza pang'onopang'ono ndi chida chosasongoka. Chida chosongoka sitinachigwiritse ntchito pa mizuyi, chifukwa kubaya dentine (mbali ya dzino ya pansi pa enamel, imenenso imapanga muzu) wofewa kumaboola pamwamba pamene pakanatha kulimbanso. Pa dzino 36, lotafunira lija linkawapweteka, kuwola kunali kutazungulira khosi la dzino, kulowa pamphambano ya mizu ndi kufika ku mtsempha. Dzinolo linkagwedera, pa nkhama panali kabowo kotuluka mafinya, ndipo X-ray inaonetsa kuti fupa lozungulira mizu latha. Nkhope sinali yotupa ndipo thupi silinali lotentha.

Pa mano 23 ndi 24, m'mwamba kumanzere komweko, panalinso mipata pakhosi la dzino, koma inali yolimba, yosalala, yonyezimira ndiponso yopanda plaque. Iyi inali yoperepeseka ndi mswachi ndi makala, sikunali kuwola. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika, chifukwa woyeza mothamanga akhoza kuziwerengera pamodzi n'kumata malo osafunika kumata.

Tinapala plaque pang'ono pa dzino 35 ndi kupukuta timawanga ta m'tsaya n'kutumiza ku labotale. Utoto wa Gram, wopaka tizilombo kuti tioneke pa maikulosikopu, unaonetsa mabakiteriya ozungulira olumikizana ngati unyolo, ena otalika ngati timitengo, ena okhala ndi nthambi, onse ogwira utoto wa Gram, pamodzi ndi maselo ambiri a yisiti ophukira. Kuyeza kotere sikutchula dzina la mtundu wa bakiteriya, koma maonekedwewo ankagwirizana ndi magulu odziwika pa mizu yowola, ndipo yisitiyo inatsimikizira kuti timawanga toyera tija ndi Candida, yisiti woyambitsa matenda m'kamwa.

Mabakiteriya ake ndi ati, ndipo achulukiranji

Plaque si zotsalira za chakudya monga odwala ambiri amaganizira. Ndi mabakiteriya amoyo okhala mothinana m'zomata zimene amapanga okha. Dzino likangotsukidwa, mapuloteni a m'malovu amaliyala pamwamba, ndipo m'maola ochepa mabakiteriya oyambirira monga Streptococcus sanguinis, Streptococcus oralis, Streptococcus mitis ndi mitundu ya Actinomyces amamatirapo. Ena amadzamamatira pa oyambawo, ndipo Fusobacterium nucleatum amalumikiza magulu oyamba ndi obwera pambuyo. M'kamwa mwathanzi gulu limeneli limakhala mwamtendere ndi dzino. Ena mwa iwo amapanga asidi akapeza shuga, koma Veillonella amadya asidi wa lactic n'kumusandutsa asidi wopanda mphamvu kwambiri, ndipo ena monga Streptococcus sanguinis ndi Streptococcus gordonii amaphwanya arginine wa m'malovu n'kutulutsa ammonia amene amachepetsa asidi.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankafunafuna bakiteriya mmodzi woti amuloze chala. Streptococcus mutans, amene J. Kilian Clarke anamufotokoza mu 1924 ku London, ndiye ankatchulidwa pa kuwola kwa enamel, chifukwa amapanga asidi mofulumira, amapirira asidiyo, ndiponso amasandutsa shuga wa nzimbe kukhala zomata zolimbitsa plaque. Pa mizu, maso anali pa Actinomyces, makamaka kuchokera pamene Harold Jordan ndi Paul Keyes ku America anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti mabakiteriya a nthambi amenewa amawononga nkhama ndi mizu ya mano mwa tinyama totchedwa hamster. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti Actinomyces naeslundii ndi anzake amapezekanso ochuluka pa mizu yabwinobwino, ndiponso kuti pa mizu yowola pamakhala chisakanizo: Streptococcus mutans ndi Streptococcus sobrinus, mitundu ya Lactobacillus, Bifidobacterium dentium, Actinomyces, mitundu yophwanya mapuloteni monga Prevotella, ndipo kawirikawiri Candida albicans, makamaka m'kamwa mouma.

Maganizo amene ndimawaona kuti ndi othandiza kwambiri pa mpando wa odwala ndi amene Philip Marsh wa ku Britain anafotokoza mu 1994. Iye anati mabakiteriya owoletsa mano amakhalamo kale m'kamwa mwa anthu ambiri, ochepa ndiponso osavulaza, ndipo amachuluka pokhapokha m'plaque mukamakhala asidi pafupipafupi, chifukwa asidiyo amafooketsa mitundu yosamupirira n'kusiya malo kwa yomupirira, imene imapanganso asidi wochuluka. Zili ngati kaufiti, amene mbewu zake zimakhala m'nthaka kwa zaka zambiri koma amadzanyanya munda ukaguga, ndipo mlimi amene amangomuzula osabwezera chonde m'nthaka amakumana naye chaka chilichonse.

Muzu umagonja msanga kuposa enamel. Enamel ali ndi mchere wolimbitsa dzino pafupifupi 96 pa 100 alionse ndipo amayamba kusungunuka pH (mlingo umene umatsika asidi akachuluka) ikatsika kufika cha pa 5.5. Dentine ali ndi pafupifupi 70 pa 100, cementum wokuta muzu ndi wopyapyala ndipo amatha msanga ndi mswachi, choncho muzu umayamba kusungunuka pH ili pakati pa 6.2 ndi 6.7. Izi zikutanthauza kuti ngakhale mabakiteriya opanga asidi wochepa, ngakhalenso chakudya chokhutitsa chophikidwa chotsalira m'kamwa, zikhoza kuwononga muzu pamene enamel ali bwinobwino. Mchere ukachoka, collagen, puloteni wa mu dentine, amatsala poyera, ndipo amaphwanyidwa ndi ma enzyme a thupi lomwelo amene asidi amawadzutsa, mothandizidwa ndi mabakiteriya odya mapuloteni. Robert Stephan anaonetsa m'zaka za m'ma 1940 kuti shuga akalowa m'kamwa pH ya plaque imatsika m'mphindi zochepa ndipo imatenga theka la ola kapena ola lathunthu kuti ibwerere. Chimene chimaibweza ndi malovu, ndipo malovuwo ndi amene bambowa analibe.

Pamene nkhani inatembenukira

Kuuma m'kamwa kunafotokoza chifukwa chimene vutoli linayambira zaka ziwiri zapitazo, nthawi imene anayamba amitriptyline pamwamba pa hydrochlorothiazide ndi shuga wokwera, zonse zitatu zochepetsa malovu. Koma sikunafotokoze chifukwa chimene mbali ya kumanzere inawonongeka kwambiri kuposa ya kumanja. Titawafunsa za zakudya, bambowa anayankha kuti zotsekemera anasiya, ndipo mayi a kunyumba, amene anawaperekeza, anavomereza kuti pakhomo tiyi wa bambo sathiramo shuga. Tinasintha funso n'kuwafunsa kuti m'kamwa mukauma usiku ali pantchito amatani. Apa anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa maswiti olimba odzaza dzanja, n'kutisonyeza ndi chala pamene amawaika: pakati pa tsaya ndi mano a m'munsi kumanzere, pamene switi imakhala ikusungunuka pang'onopang'ono, ikatha n'kuikapo ina. Ananenanso kuti amanyamula fulasiki ya tiyi amene amathiramo shuga akafika kuntchito, n'kumamwa pang'onopang'ono mpaka mbandakucha.

Sanali kubisa mwadala. Atayamba glibenclamide analangizidwa, molondola, kuti aziyenda ndi maswiti kuopa kuti shuga angatsike. Usiku wina anagwidwa ndi chizungulire ndi thukuta ali yekha pantchito, ndipo kuyambira pamenepo ankaopa kukomoka popanda wowaona. Kwa iwo maswitiwo anali mankhwala, osati chakudya, n'chifukwa chake sanawatchule pa funso loyamba. Kuwonjezera apo, switiyo inkanyowetsa m'kamwa. Motero kwa maola pafupifupi khumi usiku uliwonse plaque ya pa mizu imeneyi inkasambira m'shuga, kenako m'mawa ankamwa amitriptyline n'kukagona osatsuka mano, nthawi imene malovu amachepa kwambiri mwa munthu aliyense.

Zimene tinasankha kuchita

Maantibayotiki sitinapereke. Dzino 36 linali ndi mafinya otuluka okha, popanda kutupa kofalikira kapena kutentha thupi, ndipo chithandizo chake chinali kuchotsa gwero. Tinalizula m'mawa, bambowa atadya ndi kumwa mankhwala awo a shuga, ndipo bala linapola bwino. Pa malo ena owola maantibayotiki akanakhala opanda ntchito, chifukwa salowa mokwanira m'plaque yokhwima, mabakiteriya amabwerera mankhwala akangotha, ndipo amene anali atamwa kale ayenera kuti anathandizira Candida kuchuluka.

Tinalemba kalata kwa anzathu a kiliniki ya shuga ndi BP, kufotokoza mlingo wa malovu ndi nkhani ya maswiti. Amitriptyline si mankhwala oti dokotala wa mano angomuuza wodwala kuti asiye, ndipo kutentha kwa mapazi kunali vuto lenileni. Iwo anachepetsa mlingo kufika 25 mg, anachotsa hydrochlorothiazide n'kuika enalapril, ndipo anakonzanso nthawi yomwera glibenclamide kuti igwirizane ndi munthu wogwira ntchito usiku. Kusintha komalizaku ndi kumene kunachotsa mantha amene ankawadyetsa maswiti. Tinagwirizana ndi banjali kuti usiku azinyamula botolo la madzi, tiyi wopanda shuga, mtedza ndi dzira lowiritsa, ndipo shuga akhale m'thumba kudikira zizindikiro zenizeni monga kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire, akamumwa n'kuchukucha m'kamwa ndi madzi.

Pa Candida panafunika kusamala. Miconazole ndi fluconazole amawonjezera mphamvu ya glibenclamide ndipo akhoza kutsitsa shuga moopsa, choncho tinasankha nystatin wamadzi kwa masabata awiri, podziwa kuti nayenso amakhala ndi shuga wambiri. Tinawauza kuti asamagone nystatin ali m'kamwa asanatsuke mano, ndipo chlorhexidine, mankhwala ochukuchira m'kamwa, sitinamupereke nthawi imodzi ndi nystatin chifukwa awiriwa amafooketsana.

Titachotsa litsiro louma la pa mizu, mosapala kwambiri kuopa kumaliza cementum wotsala, tinagawa malo asanu ndi atatu otsalawo potengera funso limodzi: kodi mswachi ungafikepo n'kuchotsa plaque tsiku lililonse? Bente Nyvad ndi Ole Fejerskov ku Denmark anaonetsa mu 1986 kuti malo owola a pa mizu, ofewa ndi achikasu, amalimba n'kuda akamatsukidwa bwino ndi mankhwala okhala ndi fluoride wolimbitsa mano, popanda kumata. Mano 35 ndi 37 anali ndi mabowo osunga chakudya, ndipo tinawamata ndi glass ionomer titapala zofewa za m'mphepete ndi zida za pamanja, njira imene Jo Frencken anayambitsa ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Glass ionomer amagwira dentine popanda kufuna malo ouma kotheratu, zimene n'zovuta m'mphepete mwa nkhama, ndipo amatulutsa fluoride. Malo awiri a pa dzino 34, ndi a pa 44 ndi 46, tinawapaka silver diamine fluoride wa 38 pa 100, amene ali ndi fluoride wokwana 44,800 ppm (magawo pa miliyoni) pamodzi ndi siliva wopha mabakiteriya. Bungwe la WHO linaika mankhwalawa, glass ionomer ndi mankhwala otsukira mano a fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Tinawafotokozera kuti malo opakidwawo adzada bii mpaka kalekale. Anavomera pa mano a m'mbali koma anakana pa 33 ndi 43, amene amaoneka akamalankhula, ndipo pamenepo tinapaka vanishi wa fluoride wa 22,600 ppm, wobwereza miyezi itatu iliyonse.

Nthawi yambiri tinaithera pa mswachi. Tinapaka utoto woonetsa plaque, kuwapatsa galasi, ndipo anaona okha mzere wa utoto ukutsata nkhama pamene mbali ya pamwamba ya mano ili mbee, umboni woti ankakwecha mwamphamvu malo osavuta n'kulumpha ofunika. Tinawaphunzitsa kupendeketsa mswachi wofewa kuloza m'mphepete mwa nkhama, kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala a fluoride wa 1,450 ppm, makamaka m'mawa asanagone, kulavula osachukucha ndi madzi, ndi kusiyiratu makala.

Zotsatira

Patatha miyezi itatu malovu anali atafika 0.15 ml pa mphindi, timawanga toyera titatha, ndipo ululu wa madzi ozizira utachepa kwambiri. Malo a pa 44, 46 ndi mbali ya tsaya ya 34 anali akuda, olimba ndi onyezimira. A pa 33 ndi 43 anali abulauni ndi olimbirako ngati chikopa, asanafike polimbiratu. Koma malo a pakati pa 34 ndi 35 anali akuda pamwamba pokha. Pansi pa mdimawo panali pofewa, plaque inalipo yokhuthala, nkhama ya pamenepo inkatuluka magazi ikakhudzidwa, ndipo X-ray inaonetsa kuti kuwola kwalowerako pang'ono.

Dzino limodzi lomwelo, mankhwala amodzimodzi, malovu amodzimodzi, koma mbali imodzi inalimba ndipo ina inapitiriza kuwola. Kusiyana kwake kunali kwakuti kumbali ya tsaya plaque inkasokonezedwa kawiri patsiku, pamene pakati pa mano inkakhala osakhudzidwa n'kukhwima. Apa pali chenjezo kwa aliyense wogwiritsa ntchito silver diamine fluoride: kuda kwa malo si umboni woti kuwola kwaima, ndipo malo aliwonse opakidwa ayenera kukhudzidwa ndi chida kuti timve kulimba kwake. Tinatsegula malowo kuchokera kumbali ya tsaya, kuchotsa dentine wofewa wa m'mphepete n'kusiya wa pafupi ndi mtsempha, kumata ndi glass ionomer, ndi kuwapatsa kamswachi kolowa pakati pa mano, popeza mipata yawo inali yaikulu moti ulusi sukanakwanira.

Cha pa miyezi isanu ndi inayi gawo la chomata cha pa dzino 37 linapezeka litaperepeseka, zimene zimachitika ndi glass ionomer m'kamwa mouma, koma dentine wa pansi pake anali wolimba ndipo tinangowonjezerapo. Pa ulendo womwewo bambowa ananena okha kuti m'nyengo yozizira anabwerera ku tiyi wa shuga kwa masabata angapo, ndipo utoto unaonetsa plaque yochuluka kuposa ulendo wapitawo. Tinapakanso silver diamine fluoride pa malo akale ndi kukambirananso za chakudya cha usiku pamodzi ndi mayi aja.

Patatha chaka, malo onse asanu ndi atatu anali olimba kapena omatidwa bwino, panalibe malo atsopano owola, dzino 34 linali lamoyo, ndipo shuga wa m'mawa asanadye ankakhala cha pa 140 mg/dL. Malovu anafika 0.2 ml pa mphindi, ocheperabe pa mlingo wabwino, ndipo nkhama zimene zinatsika sizidzabwerera. Pa zifukwa ziwirizi bambowa tikuwawerengerabe m'gulu la odwala amene ali pa chiopsezo chachikulu. Akupitiriza kubwera miyezi itatu iliyonse kudzapakidwa vanishi ndi kuyezedwa malovu, ndipo za kuika dzino m'malo mwa 36 taziimitsa kaye, chifukwa mano oikirira okhala ndi tizitsulo togwira pa 35 ndi 37 angasunge plaque pa mizu yomweyo imene yangolimba kumene.